Fupa la Mkono Wakumanzere

Sundus ankachotsa njere mu tende, zipatso zotsekemera za kanjedza. Anakhala pamkeka kuseri kwa khitchini, pamene mthunzi wa khoma unkathera, mbale yaikulu ili pamiyendo. Ankatola tende imodzi, kuing'amba ndi chala chachikulu, kutulutsa njere, kenako n'kusuzumira mkati mwake ngati muli kachilombo asanaiponye m'mbale ina. Zala zinkamata. Ntchentche ziwiri zinkazungulira mbaleyo ndipo iye sankaziingitsa.

Ntchito imeneyi inali ya Lachitatu lililonse. Lachinayi amayi ake ankapita kumzinda wa Najaf, kumanda a amuna awo a Thamir, bambo ake a Sundus, ndipo sankapita chimanjamanja. Ankanyamula timakeke ta tende tokagawira osauka okhala pakati pa manda, kuti madalitso ake apite kwa malemuwo.

"Ukuchotsa njere kapena ukuzifunsa mayina tendezo?" amayi anafunsa ali m'khitchini, manja ali mu ufa.

Sundus anangomwetulira. Sanali mtsikana wolankhulalankhula. Kusukulu aphunzitsi ankaiwala kuti ali m'kalasi, ndipo atamaliza sekondale n'kukhala pakhomo, anthu apamudzi ankamuiwalanso chimodzimodzi. A Hajji Mizhir, akulu awo a bambo ake, amene iye ankawaitana kuti Ammu, ankakonda kunena kuti mwanayu pobadwa lilime analisiya m'mimba.

Bambo akewo sanawaonepo. Chaka chimene anthu akummwera anaukira boma, asilikali anafika m'mudzimo ndi malole n'kutola mwamuna aliyense amene anamupeza. A Thamir anawatsitsa mumtengo wa tende, lamba wokwerera akadali m'chiuno. Nthawi imeneyo Sundus anali m'mimba. Boma lija litagwa, iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anthu anathamangira kumunda wina wakutsidya kwa ngalande, kumene aliyense ankakudziwa koma palibe ankakutchula. Anakumba ndi mafosholo, ena ndi manja. Mafupa amene anatuluka anawayala pansalu zoyera m'holo ya sukulu, ndipo azimayi ovala zakuda ankayenda kuchoka pansalu ina kupita pa ina, kuyang'ana nsapato, wotchi kapena chidutswa cha malaya.

M'holomo munali bambo wina wokalamba wochokera ku Baghdad, Dokotala Nafi, amene ankaphunzitsa za mafupa a anthu kuyunivesite. Anabwera ndi thabwa loyezera lokhala ndi manambala ndi chitsulo china cha nyanga ziwiri chopanira chigaza. Sundus anamuonera pakati pa zovala za akuluakulu. Bamboyo ankagwada pansalu iliyonse ngati akupemphera. Ankanyamula fupa la m'chiuno, kuliyang'ana pa kuwala kwa zenera, n'kunena ngati anali mwamuna kapena mkazi. Ankaona mmene mano anaperesekera ndi mmene nsonga za mafupa zinatsekekera, n'kutchula zaka. Fupa la ntchafu ankaligoneka pathabwa lija kuti adziwe msinkhu. Atafika pansalu ina pafupi ndi khomo anati uyu anali mwamuna wamtali, wa zaka pafupifupi makumi atatu, wamapewa ogwira ntchito yolemetsa. Kenako anakweza fupa la mkono wakumanzere. Pakati pake panali mfundo, ngati pamene nthambi inathyoka n'kulumikizananso.

Amayi a Sundus anagwera pansaluyo. A Thamir anagwa mumtengo chaka chimene anakwatirana, ndipo ndi amayiwo amene ankawamanga mkonowo ndi timitengo.

Dokotala Nafi anati, "Mwina ndi iwowo, mayi. Fupa limanena zambiri koma silitchula dzina." Kulira kunali kutadzaza holo ndipo mawu oti mwina palibe anawamva, kupatula Sundus. Asanapereke mafupawo, bamboyo anazula dzino limodzi lotafunira n'kuliika m'kabotolo, monga ankachitira ndi ena onse. Ankati idzafika nthawi imene dzino lidzayankhule bwino kuposa iye.

Pobwerera tsiku limenelo, mafupa ali kumbuyo kwa galimoto atakulungidwa, Sundus anayang'ana manja a Hajji pachiwongolero. Mkono wawo wakumanzere unali wokhota pang'ono kumunsi kwa chigongono. Anakumbukira kuti wa neba wawo unali womwewo, ndiponso wa bambo wogulitsa parafini amene kale ankakwera mitengo. Anayang'ana amayi ake, amene kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anawaona akulira kulira kokhala ndi pothera, ndipo anameza zimene ankaganiza. Zinakhala m'mimba mwake zaka khumi.

Tende za m'mbale zitatsala pang'ono kutha, kunja kunamveka galimoto ikuima, kenako kugogoda pageti.

Anali azimayi awiri. Wina anali wachitsikana, wa mpango wabuluu ndi chikwama chachikopa, ndipo anadzitchula kuti ndi Doktora Wijdan wochokera ku labotale ya anthu osowa ku Baghdad. Winayo anali wokalamba kwambiri, wamng'ono thupi, maso ake atatuwa ndi ng'ala. Doktora anati amenewa ndi a Umm Falih, kutanthauza amayi a Falih, a kumudzi wakumunsi kwa mtsinje. Amayi atangomva mawu oti anthu osowa, anaitana a Hajji kudzera pakhoma, ndipo sipanatenge nthawi a Hajji analowa akukonza nsalu yakumutu.

Sundus anabweretsa tiyi m'timagalasi n'kukakhala pafupi ndi khomo. Malonje anatenga nthawi. A Hajji anafunsa za msewu, za kutentha kwa ku Baghdad, za makolo a Doktora ndi fuko lawo. Tiyi woyamba atatha ndi pamene mlendo anayamba nkhani yake.

Anati iye anali wophunzira wa Dokotala Nafi, amene tsopano anamwalira. Mano onse aja anasungidwa. Masiku ano dzino amalipera kukhala ufa, n'kutulutsamo DNA, n'kuifananiza ndi kadontho ka magazi a wachibale. A Umm Falih anapereka magazi awo chaka chatha. Anawafananiza ndi mafupa onse amene akadali m'makatoni opanda mwini, ndipo sanagwirizane ndi aliwonse. Komatu anthu anamuona mwana wawo Falih akukwezedwa lole yomweyo imene inapita kumunda uja. Ndiye kuti kwatsala mafupa amene anaperekedwa kale kwa mabanja. Falih anali wamtali, wa zaka zosakwana makumi atatu, wokwera mitengo ya tende, ndipo anathyokapo mkono wakumanzere. Mabanja ena amene anaika anthu ofanana naye anavomera kuyezetsa, ndipo onse anapezeka kuti anaika anthu awo. Khomo lomaliza linali lino.

A Hajji anaika kagalasi pansi mosamala.

"Ndiye mwabwera kudzalanda mtembo."

"Sitikufukula munthu, Hajji. Dzino tili nalo kale. Koma sitingalipere popanda chilolezo cha banja, ndipo tikufuna kadontho ka magazi a mwana wa malemu."

"Aphunzitsi anu aja anali abodza?"

Doktora anapukusa mutu. Anati thabwa lija ndi chitsulo chija iye amazigwiritsabe ntchito, ndipo ndi zimene amayambira, chifukwa ndi zimene zimamuuza kuti ayeze ndani ndi ndani. Aphunzitsi ake sanalakwitse msinkhu, sanalakwitse zaka. Kungoti iwo anali munthu wa m'tauni, kumene mkono wothyoka ndi chizindikiro cha munthu mmodzi. Kuno ndi chizindikiro cha ntchito. Munthu akaterereka mumtengo, dzanja lamanja limakhala litagwira chikwakwa, ndiye amagwera lamanzere. Pamene mafupa onse a m'dzenje lija anatha kuyalidwa, mikono ya mfundo inali yambirimbiri. Aphunzitsiwo anaziona zimenezi, koma oyamba aja anali ataikidwa kale.

A Hajji anakokera mkono wa mkanjo wawo kumunsi mpaka unaphimba dzanja. Sundus anaona, ndipo anayang'ana pansi.

Amayi ake anakhala chowongoka, ufa ukadali m'zikhadabo. Atatsegula pakamwa, mawu awo anali otsika.

"Mkono umenewo ndinautsamira zaka zinayi. Mfundo yake ndimaidziwa ndi tsaya langali. Makina anuwo anagonapo ndi mwamuna wanga?"

A Hajji anatsokomola n'kuyang'ana kukhoma. Mawu otere mkazi sanena pamaso pa mlamu wake. Amene anayankha anali a Umm Falih, akuyang'ana malo olakwika pang'ono chifukwa cha maso awo.

"Mchemwali wanga, sindinabwere kudzakulandani kanthu. Ine ndatha. Ndikungofuna malo oti ndikakhale pansi ndisanafe, ndizidziwa kuti apa m'pamene pali mwana wanga. Akakhala anu, ndikupsompsonani pamutu, ndipita."

Kunja njiwa zinkalira padenga.

Doktora anatembenukira kwa Sundus. Anamuuza kuti ndi kubaya kamodzi kokha pachala, ndipo zotsatira zimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Magazi a mwana ndi amene amanena momveka. Magazi a mchimwene wa malemu amasiya mafunso. Anamuuzanso, mosabisa, kuti zinthu zikapanda kugwirizana nkhani sithera pomwepo: magazi akewo adzawafananiza ndi makatoni aja amene akadali pamashelefu, olembedwa manambala okha.

"Muzilankhula ndi ine, Doktora," a Hajji anatero. "M'nyumba muno muli mwamuna."

"Ndakumvani, Hajji. Koma magazi ndi ake, ndipo ndi wamkulu. Lamulo limafunsa iyeyo."

A Hajji anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati ngati boma likudikira mawu kuchokera kwa Sundus, lipite likagule mpando wabwino, chifukwa likhalitsa. Doktora anaimirira n'kunena kuti gulu lawo likhala m'tauni yapafupi ya Hilla mpaka Loweruka, ndipo adzadutsanso tsikulo asananyamuke. Anagwira a Umm Falih pamkono n'kuwatsogolera kugeti.

Timakeke tinaphikidwa, koma theka lake tinapserera.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Najaf monga mwa masiku onse. Manda a kumeneko alibe malire ooneka. Munthu amayenda pakati pa ziliza za njerwa zachikasu mpaka mapazi kutentha, kumbali zonse kuli manda okhaokha. Amayi ankadziwa njira ngati ya kukhitchini kwawo. Chiliza cha a Thamir chinali ndi chithunzi chawo chotuwa kumutu, ndipo pambali pake panali kamalo kopanda kanthu kotchingidwa ndi njerwa. Kamaloko kanali ka amayi. Anagulitsa zibangili za ukwati wawo kuti akagule.

Anatsuka chilizacho ndi madzi onunkhira maluwa, anayatsa lubani. Pamenepa Sundus ankadziwa choti achite: ankatenga dengu la timakeke n'kupita patali kukagawa, kuwasiya amayi okha. Lachinayi lililonse akacheuka ankawaona atamasula nsalu kumaso, atatsamira chilizacho, milomo ikugwedezeka, nthawi zina akuseka. Tsikuli atacheuka anawaona atangokhala, nsalu ili chimangire, manja ali pamiyendo.

Ndipo kuseri kwa ziliza zingapo kunali kamunthu kovala zakuda katakhala padothi. Anali a Umm Falih. Ayenera kuti anawadikira pamalo otsikira minibasi n'kuwatsatira chapatali, akupapasa ziliza ndi dzanja. Sundus anaima, dengu lili m'manja, osadziwa kolowera. Amayi anali atawaona kale.

"Ndasochera ine kapena mwasochera ndinu?" amayi anafunsa osatembenuka.

A Umm Falih anati sakufuna kusokoneza. Anangopempha kuti afike pafupi, aike dzanja pachilizacho, apemphere kamodzi. Pemphero silisankha mwini, anatero. Akakhala a Thamir, liwafika a Thamir.

"Mulungu si wogontha. Pempherani muli pomwepo."

Mayi wokalambayo anavomera ndi mutu. Anatambasula manja ake ali pomwepo n'kuyamba kunong'ona, nkhope atalozetsa kuchiliza cha munthu wina, chifukwa sankaona bwino kumene chenichenicho chinali. Sundus anafuna kupita kukawatembenuza mapewa. Anangowaikira timakeke tiwiri pamwendo, ndipo iwo anamugwira dzanja, kulipapasa chala chimodzichimodzi, n'kulisiya.

Amayi sanakhalitse. Lubani asanathe anali atanyamuka kale. Anayenda mofulumira mpaka kumsewu, ndipo atafika pamthunzi wa khoma lina podikira minibasi anakhala pansi ngati munthu wothyoka msana. Anayamba kulankhula akuyang'ana magalimoto odutsa. Anati zaka khumi ndi ziwiri zija sankadziwa ngati ndi mkazi wamasiye kapena mkazi wa munthu. Sankatha kuvala zakuda, sankathanso kuzivula. Usiku galu akauwa ankadzuka kukatsegula geti. Manda amenewa ndi amene anawabwezera tulo.

"Ndipo ndawauza zonse, mwana'nga. Zimene mkazi amauza mwamuna wake yekha. Ndamasula nsalu pamaso pawo, ndagona pachifuwa pawo. Ndiye lero munthu adzandiuze kuti zonsezo ndimachitira mnyamata wa eni ake? Nkhope yanga ndikaiika pati pamaso pa Mulungu? Nanga kamalo kanga kaja, ndikagone pambali pa mlendo?"

Sundus anawagwira dzanja. Linali lozizira ngakhale kunali kotentha.

"Usapereke magazi ako. Wandimva? Ndilonjeze."

Minibasi inaima patsogolo pawo, kondakitala akuitanira a ku Hilla. Sundus sanalonjeze. Koma anthu anazolowera kuti iye akakhala chete ndiye kuti wavomera, ndipo amayi anamusisita patsaya n'kukwera.

Lachisanu linali lalitali. Inali nyengo yokwatitsa mitengo ya tende, ndipo kuseri kwa nyumba amuna anali m'mwamba, akulowetsa maluwa a mtengo wamphongo m'mitima ya mitengo yaikazi. Ankaitanizana kuchokera kumtengo wina kufika ku wina, kunyozana za ulesi ndi za akazi awo. Sundus anayanika zovala padenga n'kuima kuwaonerera. Mmodzi anatsetsereka pang'ono, lamba n'kumugwira, anzake n'kumuseka kuti wayamba kukalamba. Dzanja lamanja silinasiye chikwakwa.

Anayesa kuganiza za manda aja ngati a bambo ake, monga ankayesera kuyambira ali mwana. Sizinkatheka kwenikweni. Akafika pamenepo ankapemphera ndi pakamwa, mtima uli chiimire pambali ngati mlendo pamaliro a eni. Ankadziona ngati mwana woipa chifukwa cha zimenezi. Tsopano panabwera chithunzi china chimene sichinkachoka: chipinda chozizira ku Baghdad, mashelefu achitsulo, katoni yolembedwa nambala ndi cholembera chakuda. Mwina munalibe aliyense wake mmenemo. Mwina bambo ake analidi ku Najaf, pansi pa lubani ndi madzi a maluwa. Koma ngati sanali kumeneko, ndiye kuti zaka khumi zonsezi palibe anawasambitsa, palibe anawakulunga, palibe anawalozetsa nkhope kumene akufa amalozetsedwa.

Kenako ankaona amayi ake atakhala pansi pakhoma lija.

Masana a Hajji anabwera kudzadya nawo atachoka kumzikiti. Anadya mpunga ndi nyemba akufotokoza mmene adzamuyankhire mtsikana wa ku Baghdad. Anati manda akatsekedwa atsekedwa. Anati iwowo ndi amene anatsikira m'dzenje n'kugoneka m'bale wawo ndi manja awo, ndipo salola kuti anthu apamudzi azinena kuti ana a nyumba ino anaika mtembo wobwereka. Amayi ankangovomera. Sundus ankatola mbale.

Loweruka galimoto inafika dzuwa lisanakwere kwambiri. Doktora analowa yekha. Pa geti lotsegula Sundus anaona a Umm Falih atakhala kumpando wakumbuyo, mutu utatsamira galasi.

A Hajji anali atavala mkanjo watsopano. Anadikira kuti tiyi afike, anamwa pang'ono, n'kuyamba. Anathokoza Doktora chifukwa cha ntchito yake, anapempherera aphunzitsi ake kuti Mulungu awachitire chifundo. Kenako anati banja lakhala pansi ndipo yankho ndi lakuti ayi.

"Dzulo kunabwera wathabwa, anati uyu ndi m'bale wanu. Lero mwabwera inu wasingano, mukuti mwina si iyeyo. Mawa kudzabwera wina ndi chinthu chake, adzati nanunso munalakwitsa. Ndiye akufa athu azingosamukasamuka ngati anthu a lendi? Mayi ali kunjawo ndikuwamvera chisoni, Mulungu ndi mboni. Koma chilonda chawo sichingapole potsegula chathu."

Doktora anamvetsera mpaka kumapeto. Sanatsutse. Anangoti n'zoona kuti njira iliyonse ili ndi polekezera, ndipo ya iyeyo nthawi zina imalephera dzino likakhala kuti linavunda. Koma ikayankha, imayankha za munthu mmodzi, osati za mudzi wonse. Anati dzinolo likhala m'kabotolo kake, palibe alikhudze. Anatseka chikwama chake, chimene anali atachitsegula pang'ono, ndipo asanaimirire anayang'ana kukhomo kumene Sundus anakhala ndi thireyi pamiyendo.

"Nanga iwe, Sundus? Ndiyenera kumva kwa iwe."

Sundus anayang'ana thireyi. Amayi ake ankamuyang'ana ndi maso odekha a munthu amene analonjezedwa kale. Kunja wina mumtengo ankaimba nyimbo yosamveka mawu.

"Mwaona?" a Hajji anatero akutambasula manja. "Kwathu kuno mtsikana akakhala chete ndiye kuti wagwirizana ndi akulu ake. Muyende bwino, Doktora. Msewu wa ku Baghdad umadzaza masana."

Doktora anaimirira. Anali atafika pakati pa chipinda pamene thireyi inagunda pansi, timasipuni n'kulira.

"Sindinagwirizane nazo, Ammu."

Mawuwo anatuluka aang'ono, osasa, moti a Hajji anacheukira kwa amayi poganiza kuti ndi iwo alankhula. Koma anali Sundus. Anapanikiza manja pakati pa mawondo.

"Sindinagwirizane nazo. Simunandifunse."

"Iwe, lilime walitola kuti lero?" a Hajji anafunsa.

"Ammu, ndiloleni ndimalize, chifukwa ndikaima sindiyambanso." Anatembenukira kwa amayi ake, koma maso anawaika pamanja awo, osati pankhope. "Yumma, inu munawaona bambo. Mukudziwa mawu awo, kayendedwe kawo, fungo la malaya awo. Ammu anakula nawo mbale imodzi. Mafupa aja akhale awo, asakhale awo, inu muli nawo bambo. Ine ndilibe chilichonse. Chimene anandisiyira ndi magazi okhawa, ndipo ndi chinthu chokha chimene ndingawachitire."

"Unandilonjeza," amayi ananong'ona.

"Sindinalonjeze, Yumma. Ndinangokhala chete, ndipo ndikupepesa. Zimene munalankhula kumanda kuja munkalankhula ndi bambo, ndipo Mulungu akudziwa amene munkamuuza. Akakhala mwana wa mayi ali kunjawo, ndiye kuti mwamusamalira mwana wawo zaka khumi, palibe chamanyazi pamenepo. Koma ndiye kuti bambo anga ali pashelefu m'katoni, opanda nsalu, opanda pemphero, akudikira munthu mmodzi yekha amene angakawatulutse. Ine sindingagone ndikudziwa kuti mwina ali kumeneko, ndipo ndinawasiya chifukwa choopa kulankhula. Mukwiye nane, mundimenye ngati mukufuna, Lachinayi ndidzapitabe nanu. Koma chala ndi changa. Doktora, khalani pansi, tsegulani chikwamacho."